Kumanga odwala pabedi: anamwino athu mukuti bwanji?

Nangozo wa ku Nsipe:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso kwa anamwino amene muli muno, ndipo sindikufunsa mwachipongwe ayi. Amalume anga agonekedwa pachipatala china ndi malungo aakulu. Dzulo m'mawa ndikulowa m'wodi ndi phala, ndinawapeza manja onse awiri atamangidwa kubedi ndi bandeji, zala za kumanja zitatupa, zikuzizira. Mayi anga ndi amene anagona nawo. Akuti anangotuluka kukatenthetsa madzi kokhala magadiyani, pobwera anapeza achimwene awo omangidwa kale. Palibe anatiuza chifukwa chake. Amalumewa ndi mwini mbumba kwathu, munthu amene akakhosomola ife tonse timakhala chete. Kuwaona akuyesa kudzikanda pankhope n'kumalephera, mtima unandiwawa kwambiri. Kodi zimenezi n'zololedwa? Nanga inuyo mukamamanga munthu, mumtima mwanu mumamva bwanji?

aPhiri, mphunzitsi ku Bilila:
Pepani kwambiri achemwali. Munthu si mbuzi yoti n'kuimangirira pachikhomo iwe n'kumapita. Gawo 19 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994 aja, limati ulemu wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo limaletsa kuchitira munthu nkhanza kapena zomunyozetsa. Silinati kupatula akadwala. Anamwino tiyankheni, tikudziwa muli muno ambiri.

Namaseko:
Zinawachitikiranso apongozi anga. Ife tinangoti mwina ndi mmene amachitira, tinaopa kufunsa kuti angatide n'kuleka kuwasamala.

Sisita Nabanda:
Achemwali a Nangozo, pepani ndi matenda. Ine ndine namwino, ndimagwira m'wodi ya abambo, ndipo ndilankhula mosapsatira: pali usiku wina ndimamanga odwala. Mundimvetsere kaye mmene zimakhalira.

Malungo akafika m'bongo, munthu sadziwa kuti ali kuti. Amaona kanula, kapaipi kolowetsera mankhwala mumtsempha, padzanja ngati chinthu chomuluma, amaizula. Mankhwala a artesunate timabaya mumtsempha pofika, kenako pakatha maola 12, kenakonso pa maola 24, ndiye kanula ija ndi njira yokhayo yomwe moyo wake ukudzera. Akaizula, magazi amafalikira pabedi ponse, ndipo munthu woti watha madzi m'thupi mitsempha yake imabisala, umamubaya apa ndi apa ndi tochi ya pafoni pakamwa magetsi atazima. Ikakhala katheta, paipi yotulutsira mkodzo, ndiye zoopsa kwambiri. Ili ndi kabaluni kodzaza madzi mkati mwa chikhodzodzo, ndipo bambo akaikoka ndi mphamvu kabaluni kali chifufumire, njira ya mkodzo imang'ambika. Wina amatsika pabedi n'kumenyetsa mutu pasimenti. Nthawi imeneyo wodi yadzaza mpaka ena agona pansi, anamwino tilipo awiri, mnzanga ali ndi wodwala amene akupuma movutikira. Ndiime pati?

Mwafunsa kuti timamva bwanji. Ine zimandiwawa. Wodwala wina amakhala msinkhu wa bambo anga, akundiyang'ana, akuti "mwanawe ndakulakwira chiyani?" Mawu amenewo umapita nawo kunyumba.

Komabe pa zimene mwafotokozazi pali zinthu ziwiri zosayenda bwino, ndipo sindingaikire kumbuyo mnzanga pa zimenezo. Choyamba, mayi anu anayenera kuuzidwa, asanamange kapena atangobwera. Chachiwiri, zala kutupa ndi kuzizira ndiye kuti bandeji inathina, magazi samayenda. Pitani pompano kwa amene akuyang'anira wodiyo, muwaonetse dzanjalo. Musadikire adokotala a mawa.

Nangozo wa ku Nsipe:
Zikomo asisita. Ndawaimbira mayi, apita kukanena. Koma ndinene chilungamo, akanatiuza zimene mwalembazi, mayi akanakhala pompo n'kuwagwira dzanja usiku wonse. Madzi otenthawo akanadikira.

Bambo Jere, namwino wa matenda a maganizo:
Mawu amene anena a Nangozowa ndi amene ndimafuna anzanga amve. Gadiyani alipo, ndiye bwanji tithamangire bandeji?

Ine chimene chimandidetsa nkhawa ndi ichi: munthu akangomangidwa, wodi imakhala bata, ndipo tonse timaiwala kufunsa chimene chamusokoneza. Wodwala sabwebweta popanda chifukwa. Shuga akatsika m'magazi munthu amalusa, amatuluka thukuta, amatukwana, ndipo malungo aakulu amatsitsa shuga, makamaka ngati wapatsidwa kwinini. Kudontheza magazi pakamakina n'kumupatsa shuga wa m'diripi sikutenga nthawi, munthu uja n'kutsitsimuka. Mpweya ukamachepa m'thupi amalimbana ndi aliyense, chimene akufuna ndi okosijeni. Agogo aamuna amene mkodzo watsekeka amaphiriphitha usiku wonse, mukagwira pachinena mupeza chikhodzodzo chili gwa. Palinso ululu, kutentha thupi, matenda oumitsa khosi. Ndipo kwathu kuno tisabisane, kachasu. Bambo womwa tsiku ndi tsiku akagonekedwa chifukwa cha chibayo kapena mwendo wothyoka, patsiku lachiwiri kapena lachitatu thupi limayamba kufuna mowa uja: kunjenjemera, kuona njoka ndi tizilombo pakhoma, kufuna kuthawa. Zimenezi zimapha, ndipo zili ndi mankhwala ake. Magadiyani, namwino akakufunsani ngati abambo amamwa, musachite manyazi n'kunena kuti amangolawa pa Khirisimasi.

Zonsezi zikayesedwa koma munthu akufunabe kudzivulaza kapena kuvulaza ena, pamenepo n'kumanga. Koma ndi chithandizo ngati jakisoni, chili ndi malamulo ake. Adokotala adziwe, zilembedwe m'fayilo ndi nthawi yake. Pakhungu pakhale thonje kapena nsalu yofewa, ndipo zala ziwiri zizilowa pakati pa chomangiracho ndi dzanja. Mfundo ikhale yoti ukakoka kamodzi yamasuka, ndipo imangidwe kuchitsulo chenicheni cha bedi, osati kuzitsulo za m'mbali zomwe zimatsika ndi kukwera. Osamanga pakhosi, osapanikiza chifuwa, osagoneka munthu chafufumimba, chifukwa anthu afa pobanika motero. Wogona chagada mutu ukhale pamwamba, kuti akasanza asatsamwe. Kumuona pafupipafupi, ife timaphunzitsa mphindi 15 zilizonse, ndipo pakatha maola awiri kumumasula, kumutembenuza, kumupatsa madzi ndi mpata wodzithandiza. Akangodekha, basi, chichoke.

Chikondi, wophunzira unamwino:
Abambo Jere, zimenezo ndi zomwe tinalemba pamayeso, liwu ndi liwu. Koma kuwodi ndinaona zina. Popatsana lipoti m'mawa amangoti "bedi yachitatu ndi wovuta, timumange," ndipo dzina loti wovutalo limamukakamira munthu mpaka kutuluka. Agogo ena aakazi anamangidwa madzulo, m'mawa tikukonza mabedi tinapeza adzikodzera, nsalu yawo yavuka, akulira mwakachetechete chifukwa cha manyazi. M'fayilo munalibe liwu ndi limodzi lomwe lonena kuti anamangidwa. Ndinafunsa, ndipo anandiyankha kuti "ukadzayamba ntchito udzaona wekha." Yankho limenelo limandiopsa, chifukwa amene anandiyankha choncho ndi namwino wabwino, wosatukwana odwala, woti amagula sopo ndi ndalama yake. Ndiye ngati iwowo anafika pozolowera, ine ndidzapulumuka bwanji?

Sisita Nabanda:
Mwana wanga Chikondi, usaleke kufunsa. Ndikuuze chimene chimazoloweretsa anthu. Wodwala akagwa pabedi n'kuthyoka, pamakhala mlandu: lipoti, kuitanidwa ku ofesi, achibale kukuloza chala, mwina mpaka pawailesi. Koma wodwala akagona womangidwa usiku wonse, palibe amene amakufunsa. Ndiye munthu wotopa amasankha kumene kulibe mlandu. Mantha ndi amene amamanga odwala ambiri, kuposa nkhanza.

Achimwene a kabaza, pa Lizulu:
Ndilankhuleko ine amene ndinamangidwapo. Ndinagundana ndi galimoto pamsewu wa M1 nditanyamula matumba a mbatata, chipewa ndinalibe, mutu unamenya phula. Za ngoziyo sindikumbuka kanthu. Chimene ndimakumbuka mpaka lero ndi kudzidzimuka mumdima, manja osatheka kusuntha, chubu chili m'mphuno. Ine m'mutu mwanga ndinkaona ngati andigwira achifwamba, akufuna kundichotsa ziwalo. Ndiye ndinkakoka ndi mphamvu zanga zonse. Iwo akamaona ndikukoka ankati ndapenga kwambiri, n'kuwonjezera kumanga miyendo. Ine n'kuwonjezeranso kulimbana. Zipsera zili m'manjamu, mukadzadutsa pamsika ndidzakuonetsani, ndipo chala chachikulu chinakhala ndi dzanzi nthawi yaitali, kugwira buleki kunkandivuta.

Amene anandikhazika mtima pansi ndi mayi wina wokolopa m'wodi. Anabwera pafupi ndi khutu langa, ananditchula dzina, n'kunena kuti "uli kuchipatala mwanawe, unachita ngozi panjinga, mkazi wako ali panjapa, kunja kukucha." Anabwereza kangapo. Ndinasiya kukoka. Sindikudana ndi anamwino, anandipulumutsa, ndipo mwina chubu chija ndikanachizula. Koma chonde, mukamamanga munthu muzimulankhula, ngakhale mukuona ngati sakumva. Timamva.

Namaseko:
Ayi ndithu achimwene, mwandiliza.

Bambo Jere, namwino wa matenda a maganizo:
Zikomo achimwene. Zimene mwanenazi akafukufuku a m'maiko osiyanasiyana anazionanso: kumanga kumawonjezera kusokonekera mutu, ndipo sikuthetsa kugwa. Ena amagwa akulimbana ndi zomangirazo, n'kuvulala moposa.

Mbewe, namwino wamwamuna:
Ine ndikuona ngati tikulankhula za odwala ofooka okhaokha. Nanga mnyamata wamphamvu zake, wasuta chamba, abale ake amubweretsa pangolo atamumanga ndi zingwe za ng'ombe, akangofika pageti n'kumumasula iwo n'kubwerera m'mbuyo? Ine ndinamenyedwapo ndi chitsulo chokolekera diripi, dzino lakutsogolo ili ndi loikirira. Mnzanga wamkazi anang'ambiridwa yunifolomu pamaso pa wodi yonse. Pabedi loyandikana pali agogo amene angochitidwa opaleshoni. Mlonda ali kugeti, alibe maphunziro ogwirira wodwala, akabwera amabwera ndi chibonga. Mabuku amati pogwira munthu wotere pafunika anthu asanu, mmodzi kumutu, anayi kumanja ndi kumiyendo. Asanuwo usiku ndiwatenga kuti? Ufulu wa wodwala ndimaulemekeza, koma namwinonso ndi mwana wa munthu, ali ndi ana akumudikira kunyumba. A Phiri, Gawo 19 lija likunditetezanso ine kapena ayi?

aPhiri, mphunzitsi ku Bilila:
Likukutetezani achimwene, ndipo pepani ndi dzinolo. Ine sindikukana kuti munthu wolusa agwidwe. Chimene ndikukana ndi choti amalume a Nangozo, odwala malungo, gadiyani ali pompo, alandire zofanana ndi mnyamata wa chitsuloyo.

Gogo Nambewe, namwino wopuma:
Ana anga, ndakhala ndikuwerenga mdzukulu wanga akundikulitsira zilembo. Ine ntchitoyi ndinayamba nthawi ya a Kamuzu, tikuvala kachipewa koyera kumutu. Musanamizidwe kuti kale kunalibe kumanga. Tinkamanga, ndi mashiti opotokola, ndipo kufunsa achibale kunalibe n'komwe, namwino akanena wanena. Lamulo la matenda a misala lomwe tinkayendera linali la 1948, la atsamunda, ndipo maganizo ake anali otsekera munthu kuti asavutitse ena.

Koma pali zina tinkachita zomwe ndikuona zikutayika. Wodwala wosokonekera tinkamusamutsira pabedi loyandikana ndi tebulo la anamwino, kuti maso azikhala pa iye. Woti angagwe tinkatsitsa matiresi pansi, pakona, n'kugona pamenepo ndi mbale wake. Pansi munthu sagwa. Wozula diripi tinkamuika mpukutu wa bandeji m'chikhatho n'kukulunga dzanja lonse, zala zisathe kutsina kanthu, koma mkono uli womasuka, akutha kuusuntha mmene akufunira. Kanula tinkaiphimba bwino kuti asamaione, pakuti chimene diso silikuona dzanja silichifuna. Mwana wa diripi tinkamuika kakatoni kumkono, mayi ake n'kumufukata. Ndipo nyengo yozizira ino ya Juni, kuno kumapiri, nkhalamba zina zimatsika pabedi usiku chifukwa chongozizidwa kapena kufuna kuchimbudzi. Bulangete lachiwiri ndi kuwaperekeza kukataya madzi asanagone, mavuto ambiri amatha okha.

Chinanso, odwala ochokera kutsidya kwa Mozambique, a ku Angonia, ena amafika opanda owadikirira. Amenewo ndi amene amakhalitsa omangidwa, chifukwa palibe wowafunsira. Muziwayang'ana kawiri.

Sisita Nabanda:
Agogo, za matiresi pansi timachitabe, koma wodi ikadzaza pansiponso pamakhala pali anthu kale. Za kukulunga chikhatho zija ndiye zoona, achinyamata ambiri sazidziwa. Chikondi, ukadzabwera patchuthi undipeze ndidzakuonetse.

Nanjobvu, ali ku Leeds:
Moni a kwathu. Ine ndimasamalira okalamba kuno ku England, ambiri mwa iwo ndi oiwalaiwala chifukwa cha ukalamba. Kuno kuli lamulo la Mental Capacity Act la 2005. Limati munthu amene sangathe kudzisankhira ungamuletse kuyenda kapena kumugwira pokhapokha ukukhulupirira kuti ukapanda kutero avulala, ndipo mphamvu yomwe wagwiritsa ntchito ilingane ndi kukula kwa ngoziyo. Ngakhale kukweza zitsulo za m'mbali mwa bedi timayamba talemba chifukwa chake, poti okalamba ena amakwera pamwamba pa zitsulozo n'kugwa kuchokera patali, ena amapanikizika pakati. Kumanga munthu manja ndi nsalu, kuntchito kwathu kuno ungachotsedwe tsiku lomwelo. Tili ndi mabedi otsika mpaka pansi, ndi timphasa tolira munthu akangoponda. Sindikunena kuti kuno zonse n'zabwino, nkhanza ziliko ndipo zimatuluka m'nyuzi. Koma kulemba kokhako kumathandiza. Ukadziwa kuti wina adzawerenga chifukwa chimene walemba, umayamba waganiza kawiri.

Mbewe, namwino wamwamuna:
Achemwali, timphasa tolirato titumizireni. Ife kuno nthawi zina timasowa ndi magolovesi omwe, mankhwala ogonetsa a diazepam n'kutha m'kabati mwezi usanathe. Kutiyerekeza ndi ku England n'kutilakwira.

Nanjobvu, ali ku Leeds:
Sindikukuyerekezani achimwene, ndinakulira pa Kasinje, ndikudziwa mmene kulili. Ndangoti cholembera ndi pepala zilipo ngakhale kwathuko.

Bambo Jere, namwino wa matenda a maganizo:
A Mbewe, vuto la kuchepa kwa anthu ndi lenileni, ndipo tiyenera kulikuwa mokweza kudzera ku bungwe la anamwino ndi azamba la NONM ndi kulikonse kumene tingamveke. Koma ndikukumbutseni za dokotala John Conolly. Mu 1839 anayamba kuyang'anira chipatala chachikulu cha odwala misala ku Hanwell, kufupi ndi London, ndipo m'miyezi yochepa anathetsa zomangira odwala zonse. Nthawi imeneyo kunalibe chlorpromazine, kunalibe haloperidol, mankhwala amenewa anabwera patatha zaka zoposa 100. Anadalira anthu oyang'anira odwala ndi kasamalidwe kabwino. Ndiye si nkhani ya zipangizo zokha.

Mwatchula diazepam, ndiye ndichenjezeretu. Anzathu ena amati "ine sindimanga, ndimangobaya agone." Kugoneka munthu ndi jakisoni kuti wodi ikhale chete ndi kumanganso, kungoti zingwe zake sizioneka. Diazepam amafooketsa kupuma. Munthu wovulala m'mutu ngati achimwene a pa Lizulu aja, mukamugonetsa simudziwanso ngati akugona ndi mankhwala kapena magazi akuundana m'mutu, pamene amafunika kuthamangira naye ku Kamuzu Central. Kwa okalamba, mankhwala amtundu umenewu amawonjezera kusokonekera ndi kugwa. Ali ndi malo ake, monga kwa bambo wa kachasu uja ndi kwa munthu amene akukomoka, koma alembedwe ndi adokotala atamuona wodwalayo.

Mzamba Naphiri:
Kumbali yathu ya amayi ndinenepo mwachidule. Mayi woyembekezera akayamba kukomoka chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, sitimanga. Timamugoneka cham'mbali, kuteteza kuti asagwe, n'kumupatsa magnesium sulphate. Kumupanikiza munthu akukomoka kumangomuvulaza. Koma chimene ndikufuna kutsindika n'china: mayi amene ali pa ululu wobereka, akukuwa, akukana kuyezedwa, ameneyo mutu wake uli bwinobwino. Ali ndi mantha, makamaka atsikana achichepere a mimba yoyamba. Kumumanga miyendo kapena kumumenya mbama pantchafu ndi nkhanza basi, palibe dzina lina. Mtsikana wotere akabwerera kumudzi amauza anzake, ndipo mimba yotsatira amakaberekera kunyumba. Amene amakana chithandizo ali ndi nzeru zake timakambirana naye, sitimumanga.

Mlangizi wa zaumoyo, ku Tsangano:
Tikuloza anamwino, koma tiyeni tiyang'anenso m'makomo mwathu. Ine ndimayenda m'midzi, ndipo kumanga koopsa ndimakuona kumeneko. Pakhomo pena ndinamva unyolo kulira kuseri kwa nkhokwe. Ndinapeza mnyamata wamkulu ndithu, mwendo uli pa tcheni cha njinga chokhomedwa ndi loko kumtengo wapichesi, pakakolo pali chilonda chonunkha, mbale ya nsima ili potero. Mayi ake si munthu woipa. Anandiuza akulira kuti akamumasula amathawira kutsidya kwa malire, ndipo anthu kumeneko anamumenyapo pomuyesa wakuba. Iwo ayenera kupita kudimba kukathirira kabichi, atani? Anali atagulitsa mbuzi kuyenda kwa asing'anga. Sankadziwa kuti kuchipatala cha boma kuli anamwino a matenda a maganizo, kuti kuli mapiritsi ndi jakisoni wa pamwezi, kuti zikavuta amatumiza ku Zomba Mental Hospital, ndipo kulinso a St John of God ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Atayamba mankhwala mnyamatayo anadekha, pano amathandiza mayi ake kudimba komweko. Chovuta n'choti mankhwala akasowa kuchipatala, kapena ndalama yokwerera ikasowa nthawi yadzinja msewu wathu uno utaonongeka, matenda amabwerera, tcheni chija n'kubwereranso.

Za khunyu ndiye ndatopa n'kunena. Munthu akagwa musamupanikize manja ndi miyendo, musamuike supuni kapena chala m'kamwa. Chotsani moto ndi zinthu zomwe zingamuvulaze, muikireni chofewa kumutu, akasiya kugwedezeka mugonekeni cham'mbali. Kukapitirira mphindi zisanu thamangirani kuchipatala. Ndipo khunyu sapatsirana, mugwireni osaopa.

Abusa a ku Ganya:
A zaumoyo mwanena zoona, ndipo ife a mipingo tisadzichotsemo. Kuli malo ena opemphererako kumene odwala amamangidwa ndi kusalitsidwa chakudya ati kutulutsa ziwanda. Ine zimenezo ndimazikana poyera. Pempherani, inde, koma munthuyo apite kuchipatala. Ndipo pa nkhani ya m'wodiyi, amayi a chigwirizano ndi abambo a mumpingo timapita kukaona odwala Lamlungu masana, kuimba nyimbo ziwiri n'kubwerera. Nanga bwanji osagawana mausiku kukadikirira amene alibe abale, ngati achipatala angatilole?

Sisita Nabanda:
Abusa, mukatero mwatithandiza koposa. Makamaka abambo. M'wodi ya abambo odikirira ambiri ndi amayi okalamba, mkazi kapena mlongo wa wodwalayo, oti sangathe kugwira bambo akalusa. Amuna a pabanjapo amabwera masana atavala jekete, kufunsa kuti "zikuyenda bwanji," n'kusiya ndalama ya sopo. Usiku sitiwaona. Koma mukambirane kaye ndi akuluakulu a chipatala, chifukwa palinso nkhani ya chinsinsi cha odwala ndi matenda opatsirana ngati TB.

aPhiri, mphunzitsi ku Bilila:
Kwa a Namaseko ndi ena amene mumaopa kufunsa: m'zipatala za maboma muli ofesi ya ombudsman wa pachipatala, yolandira madandaulo a odwala ndi magadiyani. Nkhani ikakhala yaikulu, bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi ndi limene limapereka ziphaso kwa anamwino ndipo limamva milandu yawo. Dziko lathu linavomerezanso mu 2009 pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali, lomwe limakhudzanso odwala matenda a maganizo. Kufunsa kuti "mwamangiranji m'bale wanga, ndipo mumumasula nthawi yanji" si mwano.

Mbewe, namwino wamwamuna:
Si mwano, bola kafunsidwe. Ndipo chonde, osajambula wodwala ali womangidwa n'kuponya pa Facebook. Mukufuna kuchititsa manyazi namwino, koma amene mwamuvula pagulu ndi m'bale wanu yemwe. Akadzachira adzaziona.

Mayi telala, pa boma:
Ine ndili ndi makina osokera pamsika apa. Ngati vuto ndi bandeji yocheka khungu, bwanji ndisoke zomangira zofewa, za nsalu yolimba kunja, mkati siponji, zotambalala bwino? Nsalu zotsala ndili nazo zambiri. Sindilipiritsa. Wina angondipatsa muyeso.

Bambo Jere, namwino wa matenda a maganizo:
Mayi, mtima wanu ndi wabwino, ndipo n'zoona kuti chotambalala ndi chofewa sichivulaza ngati bandeji, yomwe imapotana n'kusanduka kachingwe wodwala akamakoka. Koma ndili ndi mantha. Zikadzangokhala zambiri m'kabati, zokongola, zosavuta kumanga, anthu adzazitola msanga kuposa kale, ndipo chikumbumtima chidzakhala chete poti n'zofewa. Ine ndingakonde mutasoka zovala m'manja zija anena agogo Nambewe, zotsekera zala koma mkono uli womasuka.

Sisita Nabanda:
Apa abambo Jere sindikugwirizana nanu kwenikweni. Usiku umene ndafika pomanga, ndimamanga ndithu, kaya chofewa chilipo kaya palibe. Kusowa kwake sikunaletsepo munthu, kumangochititsa kuti tigwiritse ntchito bandeji kapena chitenje cha gadiyani. Zikhalepo zochepa, zisungidwe ndi woyang'anira wodi, ndipo wotenga azisaina m'buku.

Gogo Nambewe, namwino wopuma:
Sokani zonse ziwiri mwana wanga, koma zikhale zochapika ndi kolorini. Siponji imasunga magazi ndi mkodzo, ikani nsalu ya thonje yopindapinda m'malo mwake. Ndipo musapereke kwa namwino mmodzi pamsika, zipite kudzera kwa a metroni, aziyese kaye ngati n'zoyenera.

Bambo Ngozo, wa komiti yoona za chipatala:
Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba. Komiti yathu ikumana sabata yamawa, ndipo ndikufuna kukapereka nkhani ziwiri: ya abusa yodikirira odwala opanda abale usiku, ndi yoti pakhale pepala lolembapo wodwala aliyense akamangidwa. Za telala ndikazitchula, koma zimenezo akagamule ndi achipatala. Asisita a Nabanda ndi abambo Jere, mungandilembere zoyenera kukhala papepalapo? Ine za chipatala sindinaphunzire, ndingakalankhule zosamveka.

Sisita Nabanda:
Ndikulowa ya usiku tsopano, ndikutumizirani mawa ndikaweruka. Likhale la tsamba limodzi, likatalika palibe adzalidzaze. Dzina la wodwala, chifukwa chake, zimene tinayesa kaye, shuga tinayeza kapena ayi, gadiyani amene tamuuza, adokotala amene avomereza, nthawi yomanga, timabokosi tochonga poona manja, ndi nthawi yomasula. Abambo Jere muonjezere za kwanu. A Mbewe, inunso lembani za kuphunzitsa alonda kagwiridwe ka wodwala, a Ngozo akapite nazo limodzi.

Mbewe, namwino wamwamuna:
Ndilemba. A Ngozo, mukatchulenso za mababu a m'wodi ya abambo ndi timapepala toyezera shuga, tisamayambe kusaka usiku.